Mudzi wa M'kamwa Mwanga

Lolemba
Teremu yoyamba pasukulu yachilendo ikutha, wonditchula dzina popanda "aphunzitsi" sanapezeke. Ndasungulumwa, ndisabise. Ndiye Lachisanu ndikuyambitsa kalabu ya sayansi, mwina ndipeza ocheza nawo. Choonetsa choyamba: tizilombo ta m'kamwa. Kachilombo kakakhala kokha kamangoyandama m'malovu, koma tikakumana padzino timasintha mapuloteni amene timapanga, n'kuyamba kutulutsa ulimbo womangira mudzi. Mudziwo ndiuweta ndekha m'kamwa mwangamu. Mswachi ndautsekera m'sutikesi.

Lachiwiri
Mano akuterera. Ayamba kumanga! Chakudya cha amisiri: zitumbuwa, maswiti, tiyi wa shuga wosawerenga masupuni. Ndikufotokozera a Banda, mphunzitsi mnzanga, m'stafurumu. "Ku Boma kuliko chipatala," atero, uku akukokera mpando kuzenera.

Lachitatu
Ndikupita ku Mtunthama kukagula maswiti ena. Wakabaza akumva phunziro lonse kuchokera kumsana kwake. Tisanafike n'komwe: "Bwana, tiziyenda chete."

Lachinayi
Maikulosikopu ili m'kabati. Kiyi ali ndi a Mwale osunga katundu. A Mwale ali kudepoti ndi kuponi yawo, pamzere wa fetereza, ndipo akuti sasuntha ngakhale kutagwa maliro. Ine ndikuwasirira. Pamzere pali anthu.

Lachisanu
Mvula yagwa, ana onse ali kowokera fodya. Kalasi: ine, madesiki, mbuzi pakhomo. Kenako akulowa Mayi Nkhoma a masamu, akumwetulira. "Mawa kuli chinkhoswe cha mng'ono wanga, mubwere." Kuitanidwa koyamba chifikireni! Chimwemwe chandiiwalitsa zonse, ndawayandikira n'kuthokoza ndi kamwa lonse. Abwerera m'mbuyo, dzanja pamphuno. "Kapena mupume kaye, mukuoneka kuti simuli bwino."

Loweruka
Nyimbo za kuchinkhoswe zikumveka mpaka kuno. Malaya ndinasita dzulo, ali pamsomali. Buku la sayansi likuti tizilombo tikamanga mudzi, ngakhale mankhwala amavutika kutibalalitsa. Tinzanga tadziwa kukhalira limodzi m'sabata imodzi, ine ndi digiri yonseyi zikundikanika.

Lamulungu
Ndatulutsa mswachi. Ndatsuka mpaka nkhama kutuluka magazi, mudzi wonse ndaulavulira kuseri kwa bafa. Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo, yonse yanga. Buku lomwelo likuti pofika madzulo tizilombo tikhala titabwerera. Ndateleka madzi a tiyi, shuga ndathira wambiri. Alendo amene akubwera ndi omwewo.