Kagalimoto ka Pathebulo

Lolemba, Lavington, Nairobi, 1983
Amuna anga, a Kaputeni, apita kukosi ya asilikali ku Nanyuki, abwera Lamulungu pa sitima. Ndawalonjeza kuti ndikawachingamira pa galimoto yathu, ndikuyendetsa ndekha. Aseka. Akuseka chiyani? Ine amene ndinayendetsa kuchokera ku Zomba mpaka ku Mzuzu, matiresi padenga, nkhuku kumbuyo!
Zofunika: nambala ya Kenya, layisensi ya Kenya. Basi.

Lachiwiri
Ku ofesi ya magalimoto. Kalaliki akufuna kudziwa kwathu. Layisensi ikuti Zomba, buku la galimoto likuti Lilongwe, chiphaso chikuti Nairobi. "Mama, unakaa wapi?" Ndamuuza kuti mkazi wa msilikali amakhala pomwe atsitsira mabokosi. Nambala wavomera, koma layisensi akuti inatha tili pamsamuko. Ndiyesedwenso ngati wophunzira!

Lachitatu
Mayi Phiri, Mmalawi mnzanga amene amuna awo amagwira ntchito ku Gigiri, andiuza zachilendo. Ati kuno mayeso amayambira pathebulo: tauni yojambula pathabwa, iwe n'kumakankha kagalimoto ka ana ndi chala. Anaganiza zimenezi ndani? Kakagunda, amaitana apolisi ang'onoang'ono? Ndikufunitsitsa ndikaone.

Lachinayi
Tikuyeserera kukhitchini. Mbale ndiyo raundabauti, masipuni ndiyo misewu, bokosi la machesi ndi ine. Mayi Phiri akhala wondiyesa, ndipo udindowo wawakomera mopitirira. "Mayi Kaputeni, mwapha botolo la mchere kachiwiri." Chala changa chilibe buleki.

Lachisanu
Ku mayeso enieni. Thabwa lija liripodi! Lokongola, misewu inayi mbali imodzi, timitengo tomwe. Ndikulowetsa kagalimoto pa raundabauti, ndipo mwachizolowezi ndikutulutsa mkono kusonyeza kuti ndikukhota. Chipewa cha wondiyesa phii pansi. Kuti ndikonze zinthu ndaliza hutala pakamwa. "Rudi mwezi ujao, mama." Mwezi wamawa! Chiwongolero chenicheni sindinachikhudze n'komwe. Manyazi andigwira mpaka mu matatu, minibasi ya kuno.

Loweruka
Nambala yatuluka, aikhomerera, yakale ya ku Malawi alanda. Galimoto tsopano ndi Mkenya, ine ayi. Ndayiliza pabwalo, kupita kugeti, kubwerera, kupitanso. Mayi Phiri akuti ndibwereke dalaivala wawo, ine ndikhale kutsogolo ngati ndangotopa. Ndakana.

Lamulungu
Ndapita kusiteshoni pa matatu, chowerama, chigongono cha munthu m'khosi. A Kaputeni atsika, ayang'ana uku ndi uku, za galimoto sakufunsa. Zandipweteka kuposa akanaseka. Kenako akuti: "Longedzani, mayi, atibwezera ku Zomba."
Ndiye kuti tikafika kwathu ndi galimoto yachilendo, yofuna nambala ya Malawi, ndi ine wa layisensi yakutha. Chabwino. Kumeneko adzandiyesa pamsewu weniweni, ndipo mkono ukatuluka pawindo umakumana ndi mphepo yokha.