Ndowe za ku khola la a Gwaza

Lolemba
Digiri ya zaziweto ili m'chikwama, ntchito kulibe. Basi, ndidzilemba ndekha! Msipu uli mbwee koma ng'ombe za kuno ku Nsaru nthiti zili pamtunda, zikungotsegula m'mimba. Njoka zam'mimba izi. Pulani: kutola ndowe m'makola onse, kuyeza pa maikulosikopu yobwereka, kenako mankhwala. Pofika Lachisanu azinditchula adokotala.

Lachiwiri
Ndowe zimafunika zotentha, ndiye ndalawira eni ake asanadzuke. Kupempha kuchedwetsa. Zida: timajumbo, pentopeni yolembera mayina, supuni ya amayi (asadziwe). Pa maikulosikopu, mazira a njoka ali ponseponse!

Lachitatu
Mayi wa pachigayo anandiona dzulo ndikutuluka m'khola la a Gwaza, kajumbo kumanja. Lero moni wanga sakuyankhidwa. Amayi: "Ndowe za eni, m'bandakucha? Kusukuluko anakuphunzitsa kukhwima?"

Lachinayi
Mayo ine! Ng'ombe ya pangolo ya a Gwaza yafufuma, mbali ya kumanzere ngati ng'oma, ikupuma mobanika. Yadya soya wonyowa, munda wake ukuchita kuoneka! A Gwaza sakumva: "Bweza zomwe unatenga, mphwanga. Ikafa, fodya wanga ukoka ndiwe mpaka kuchigafa." Ndabweza kajumbo, akwirira pakhomo pa khola. Poti ndabweza, andilola kuimwetsa mafuta ophikira ndi kuiyendetsa. Sikugeya. Ikafa, mudzi uno ndausamuka.

Lachisanu
Yageya! Ikubzikula! Ndikufotokoza mmene mafuta amaphwetsera thovu m'mimba, a Gwaza akungogwedeza mutu: "Eya, titangokwirira muja." Mafuta sakutchulidwa n'komwe.

Loweruka
Mzere pakhomo, koma osati wa mankhwala. Aliyense akufuna ndowe zake. Mayina afufutika, timajumbo tonse tikufanana. Ndikungogawa, nkhope yolimba. Agogo ena anunkhiza: "Izi si za yanga." Ndawasinthira, apita okhutira.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse ndili ndekha, mpata mbali zonse. Maikulosikopu mwini wake akuifuna mawa. Njoka zikadali m'mimba mwa ng'ombe, palibe ndi imodzi yomwe yamwa mankhwala. Potuluka a Gwaza andikokera kuseri kwa mtengo, akunong'ona: bulu wa mlamu wawo amawadyera chimanga, kodi sindingamufufumitseko pang'ono? Ndati ndiganize kaye. Mpaka pano ndi okhawo amene andifuna pa ntchito.