Tsiku Limene Foni Inandipatsa Munda

Mpaka lero ndikamadutsa pamsewu pamene azimayi amagulitsa tomato ku Macheke, sipalephera wina wofuula kuti, "Maswera sei, murimi mukuru!" Enawo amaseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndimangokweza dzanja n'kuwonjezera liwiro. Dzina la mlimi wamkululi palibe anandilodza nalo, ndinalifuna ndekha, ndiye bola ndikuuzeni ndekha mwini wakene musanamve kwa azimayi a tomato aja, poti iwo amathirako mchere wambiri.

Kwathu ndi mu komboni yakale ya pafamu ina kunja kwa Macheke. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza wapansi kudzagwira ntchito ya fodya. Amayi anabadwira mu komboni momwemo, nanenso momwemo. Boma litagawa minda ya pafamuyo, ife sitinapate ngakhale poti n'kudzalapo tsabola. Mbali imene kuli nyumba yathu inagwera banja la Mai Tendai, amene pano ndi mayi wamasiye. Pangano lathu ndi iwo silinalembedwe paliponse koma aliyense amalidziwa: ife tizikhala m'nyumbamo, iwo akatifuna kumunda tizipita kukagwira maricho, ndiye kuti ganyu. Nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri, malata ake adzimbiri, koma amayi amati kwina kulikonse adzapita atanyamulidwa, chifukwa bambo anagona kumanda a komboni yomweyo.

Mavuto anabwera pa Isitala atavala nsapato zoyera. Ndikunena msuweni wanga Lovemore, wokhala ku Harare, amene amayenda m'fumbi la kwathu ngati akuwoloka mtsinje.

"Mudhara, iwe udzafera pakhasu," anatero akuyang'ana zikhatho zanga. "Anzako akudya ali khale. Kampani imakupatsa linki yakoyako. Iwe umangoitaya m'magulu a pa foni. Munthu akadina n'kugula katundu, kampani imakudulira kako. Thumba sunyamula, katundu sukhudza."

"Nanga mawu otsatsira malondawo alemba ndani? Ukudziwa sukulu ndinailekera Fomu 2."

"Ndiye ntchito ya AI imeneyo, makina anzeru a mufoni. Umangoilembera zimene ukufuna, iyo n'kukulembera bwinobwino ngati mphunzitsi."

Anandiikira zonse mufoni yanga yosweka galasi ija, n'kundiuza kuti ndisankhe katundu. Ndinasankha mpope wopopera mankhwala, wobereka kumsana, wa batire lotchaja ndi dzuwa. Ndinasankha umenewu chifukwa phewa langa limaudziwa bwino mpope wa Mai Tendai wopopa ndi dzanja, umene umatayira mankhwala kumsana ngati mwana wosavala thewera. (Ndivomereze pompano kuti mpope wa batirewo ndinali ndisanauonepo ndi maso, kupatula pachithunzi. Mpaka lero sindinauone.)

Kwathu netiweki imapezeka pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa nyumba zakale zowotchera fodya. Ndinakwera pamenepo n'kulemba kuti: "Lemba malonda a mpope." Zimene inandipatsa zinali zoona zokhazokha koma zozizira ngati phala la dzulo. Ndinatumiza choncho. Sabata inatha popanda wodina, kupatula ine ndemwe poyesa ngati linkiyo ili moyo.

Ndinamuimbira Lovemore.

"Vuto ndi pulomputi yako, mudhara," anatero. Pulomputi ndi malangizo amene umailembera AI. "Chinthuchi chili ngati waganyu watsopano. Ukangomuuza kuti kalime, akalima ndi pamsewu pomwe. Uiuze kuti iyo ikhale ndani, ikulankhula ndi anthu otani, ilankhule motani." Anatchulanso zoti ndiiuze zoona zokhudza ineyo ndi katunduyo, koma apo n'kuti mtima wanga uli kale pa nsapato zoyera.

Ndinabwerera pachulu ndili ndi nzeru zatsopano. Ndinalemba kuti: "Iwe ndiwe mlimi wa tomato wochita bwino wa ku Macheke. Uza alimi anzako mmene mpope uwu wasinthira moyo wako."

Abale, chinthu chija chimalemba. Chinayamba kuti, "Pamunda wanga kuno ku Macheke, kupopera tomato kunali chizunzo," n'kupitiriza mpaka ine mwini ndinalakalaka kugula. Ndinawerenga mawu akuti "pamunda wanga" mobwerezabwereza, ndipo ndisaname, anandikomera. M'banja mwathu mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pa munthu. M'malo moti ndichite mantha, ndinalemba kuti, "Wonjezera moto." Inawonjezeradi. Tsopano ndinali ndi antchito amene amaweruka akuseka, ndipo chaka chamawa ndinali kukulitsa munda.

M'munsi mwake AI ija inaika kamzere kochenjeza kuti ndionetsetse kuti zolembedwazo zikugwirizana ndi zimene zinandichitikiradi, chifukwa umboni wabodza umasocheretsa ogula. Ndinakawerenga, n'kuona kuti kakuipitsa nkhani yokongola, n'kukafufuta. (Amene mumati makina alibe chikumbumtima, dziwani kuti tsiku limenelo pachulu paja wopanda chikumbumtima sanali makina.)

Zikanathera pomwepo mwina bwenzi ndili kwathu. Koma Lovemore anali atanenanso kuti anthu amagula nkhope, osati katundu. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, ndisanavule jekete, ndinazemba kupita kumunda kwa Mai Tendai. Tomato anali atapsa psuu, amene ndinamangirira ndekha pamitengo. Ndinatsamiritsa foni pamgolo, n'kuitchera kuti ijambule yokha, n'kuimirira pakati pa mizere dzanja limodzi lili m'thumba, linalo likuloza kutali ngati munthu woonetsa malire. Kumbuyo kwanga kunatuluka bwinobwino thanki yobiriwira ya madzi ndi geti la buluu, zimene aliyense wa kuno amadziwa mwini wake. Kenaka ndinauza AI kuti iike zonse m'Chishona kuti zifike patali. Ndinatumiza kugulu la tchalitchi, la mpira, la azimayi a tomato, mpaka kugulu la alimi enieni limene anandiikamo kuti ndizimva kumene kukufunika aganyu.

Lolemba ndinakwera pachulu, foni inangoti ngwe ngwe ngwe osaleka. Anthu anali kudina, anali kutumizirana. Ndinatsika ndikuimba mluzu, ndinafika pouza amayi kuti ayambe kuganiza mtundu wa penti umene akufuna pakhomo. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sindinadzifunse n'komwe kuti bwanji odina ndi ambiri chotere koma wogula palibe.

Pali chinthu china chimene ndinkachidziwa, ngati mmene aliyense mu komboni ankachidziwira, koma mutu wanga unachiika pambali. Chimwalirireni mwamuna wa Mai Tendai, mkulu wake wa malemuyo wakhala akulimbana nawo kuti atenge mundawo. Nyimbo yake inali yoti mayiyu walephera kulima ndipo akubwereketsa munda kwa anthu ena mobisa, chinthu chimene chingathe kumulanditsa munthu malo. Umboni ndi umene ankasowa. Ine ndinamupatsa, nditavala jekete, m'Chishona chomveka bwino.

Lachitatu masana Mai Tendai anabwera okha ku komboni. Iwo sabwera, amatuma mawu. Amayi anali kusankha nyemba pakhonde, anadzuka msanga n'kuwapatsa mpando. Anaukana.

"Mbuya," anatero akuyang'ana amayi, ine ngati palibepo, "mwana wenyu ane munda?"

"Munda? Uyu?" Amayi anaseka. "Uyu ngakhale mphika alibe, Mai Tendai."

Mai Tendai anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. Amayi anachiyandikitsa kumaso, n'kumwetulira pang'ono poona jekete, koma zilembo zinawachepera. "Tawerenga iwe," anandiuza.

Ngati simunawerengepo bodza lanu mokweza pamaso pa mayi anu, pempherani kuti zisadzakuchitikireni. Ndinayamba ndi mawu apansipansi. Anthu a nyumba zoyandikana anali atayamba kale kufunafuna zochita pafupi ndi khonde lathu, wina akusesa pamalo posesa kale. Nditafika pa "antchito anga," Mai Tendai anandiimitsa.

"Vashandi vako ndivanaani? Antchito akowo ndi ndani? Ndini? Ine ndi amene ndimaweruka ndikuseka?"

"Mai, si ine ndinalemba. Ndi AI, makina a mufoni. Ine ndimangofuna kugulitsa mpope."

"Ko jekete, inavala ndi AI yakoyo? M'munda mwanga inalowa ndi AI?"

Wosesa uja anaseka, kenaka anasandutsa kusekako chifuwa. Mai Tendai sanakuwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Anati alamu awo aja awatumizira chithunzicho m'mawa, ndi mawu oti apita nacho kwa akuluakulu oona za malo. Anati njira yokha yoonetsera kuti palibe chimene anagwirizana nafe ndi yoti tichoke. "Mwedzi ukapera, mwezi uno ukangotha, mupeze kwina. Ndine vana, Mbuya, ana oti ndiwadyetse. Sindingataye munda chifukwa cha mpope."

Apa nthabwala zinathera. Amayi anaika lichero pansi. Maondo awo ndi otupa, kutchalitchi komwe sagwada, abusa anawalola kumangokhala. Koma ndinawaona akugwira mzati wa khonde, akutsika pang'onopang'ono mpaka kugwada pafumbi, pamaso pa munthu woti akanatha kumubereka kumsana. Anayamba kuwomba m'manja.

"Mai Tendai, ndapota, chonde. Ine ndinabadwira muno. Mwamuna wanga ali apo pansi pa mitengo. Ku Malawi ndimangokumva, sindikudziwa ndi njira yomwe. Mwana uyu ndi chitsiru, koma wakuba ayi. Muthamangitseni iyeyu. Ine mundisiye ndifere pano."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinagwada nanenso, koma kugwada kwanga kunalibe mtengo.

Mai Tendai anawadzutsa amayi ndi manja awo. Chigamulo chinali chakuti amayi akhale, ine ndichoke mu komboni ndipo ndisadzapondenso m'munda mwawo. Ndisanachoke nditumize mawu, ndi pakamwa panga, kumagulu onse amene ndinatumizako bodza lija, kuti alamu awo amve.

Ndinakweranso pachulu. Mungaseke, koma ndinafunsanso AI yomweyo kuti indithandize kukonza mawu opepesera. Ulendo uno ndinaiuza zonse: kuti ndine waganyu, kuti mundawo ndi wa mayi wamasiye amene akulimbana ndi alamu ake, kuti mpopewo sindinaugwirepo, kuti omvera ndi anthu ondidziwa kuyambira ndili wamaliseche, ndiponso kuti isakometsere kalikonse. Inandipatsa mawu afupiafupi, oona, obaya. Imeneyo ndi pulomputi yabwino yokhayo imene ndinalembapo, ndipo sinali yogulitsira kanthu. Ndinajambula mawuwo mbuzi ikulira kumbuyo. Anayenda mtunda wautali kuposa malonda aja. Ndamva kuti anafika mpaka ku Guruve, kumene anthu osandidziwa amabwereza mawu anga oti "ndilibe munda, ndilibe antchito, jekete lokha ndi langa."

Lovemore nditamuuza anangoti, "Eish, mudhara, koma ndinakuuza za zoona zija," kenaka anati bandulo yamuthera.

Tsiku losamuka amayi anapinda okha jekete lija n'kuliika pamwamba m'chikwama. Sananditukwane, bola akananditukwana. Anangoti, "Agogo ako analima dothi limeneli, bambo ako analima, ine ndalima. Palibe anayerekezapo kunena kuti langa, ngakhale ataledzera. Iwe wanenera pa foni."

Pano ndimachita lendi kachipinda kuseri kwa mashopu a ku Macheke, ndimakweza makireti a tomato m'malole opita ku Harare. Linki ija ndikadali nayo (inde, ndikudziwa), ndipo nthawi zina ndimayesabe. Pulomputi iliyonse ndimaiyamba ndi mawu akuti, "Ine ndine waganyu, ndilibe munda, usalembe chimene sindinakuuze." Malonda ake amatuluka owonda, ndipo wogula sanapezekebe. Ngati mukuyamba ntchito imeneyi, langizo langa ndi lomwelo. Makinawa savuta kuwauza kuti mukhale ndani, amakuvekani chilichonse chimene mwapempha, koma amene akawerenge ndi anthu odziwa khomo lanu.

Nyumba ija amayi akadalimo. Koma nyumba ya mu komboni imalipiridwa ndi maricho, ndipo wogwira maricho uja anathamangitsidwa. Lamlungu lapitali ndinapita kukawaona, ndinapeza pakhomo potseka. Ndinakaima pamsewu kunja kwa geti la buluu lija, poti kulowa m'mundamo sindiloledwa, n'kuwaona patali pakati pa mizere ya tomato, akuthyola atakhala pansi chifukwa kuwerama sangathe. Anandikwezera dzanja, n'kupitiriza ntchito.