Galimoto Imene a Levulo Anaimangira Nyumba

Nkhani iyi ndinaimva kwa eni ake tili pa benchi kudikira basi, ndipo zimene iwo analumpha chifukwa cha manyazi anadzandiuza ndi akazi awo. Ndiibwereza mmene ndinaimvera. Ndikawonjezerapo kanthu Mulungu andikhululukire, ngakhale nkhaniyi siisowa kuwonjezera.

Bambowa ndi mmisiri womanga nyumba. Anthu amawatchula a Levulo chifukwa levulo yawo sasiyana nayo. Akafika pakhomo pa munthu amayamba aiika pakhoma kuti aone ngati linawongoka, moni amabwera pambuyo. Akazi awo ndi namwino, ndipo aliyense amangoti a Nesi.

A Levulo anali ndi galimoto imene anawasiyira malemu bambo awo. Inali yamakedzana, ya zitseko zinayi, yotupa masaya, nyali zake zozungulira ngati maso a ng'ombe. Pa tsiku la ukwati wawo galimotoyo inazima pachitunda mvula ikugwa, ndipo mkwatibwi anatsika n'kukankha atavala diresi loyera. Pomwepo, ali m'matope, a Levulo analonjeza kuti, "Tsiku lina ndidzakutengani pa galimoto yomweyi, ndipo simudzakankha."

Galimoto ija sinalirenso. Anaiimika pabwalo, ndipo wakuba atazula galasi limodzi, a Levulo anapsa mtima n'kuimangira makoma anayi, denga pamwamba, ndi kakhomo kolowera munthu mmodzi. "Amene adzaitulutse muno ndidzamugwira chanza," anatero. Ana atayamba kubadwa nyumba inayamba kukula mozungulira chipinda chimenecho: chogona ana kumanzere, chogona eni ake kumanja, khitchini kumbuyo, balaza kutsogolo. Khomo lotulukira panja anaika limodzi lokha, pabalaza, poti amati makomo ambiri amaitana akuba. Galimoto inatsala pakati pa nyumba ngati njere m'chipatso. A Nesi anaisandutsa kabati. Mabulangete a alendo ankakhala pa mpando wakumbuyo, mbale zabwino m'buti.

Zinapita zaka makumi atatu ndi zinayi a Nesi akupita ku ntchito wapansi. Itatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti apume pa ntchito, a Levulo anawaperekera ambulera kuchipatala, n'kumva namwino wina akufunsa akuseka:

"A Nesi, nanga odwala anu aja a matayala anayi akupezako bwanji?"

"Akadali chigonere," anatero a Nesi, anzawo n'kumaseka.

Inu, tamverani zimene kunyada kumachita. A Levulo anatsokomola kuti aoneke, naimirira pakati pa khonde.

"Pa tsiku lomaliza la amayiwa ndidzabwera kudzawatenga pa galimoto imeneyo. Mudzaime pomwe pano mudzaone."

Madzulo ake a Levulo anapeza a Nesi akutulutsa mabulangete m'galimoto muja akuimba nyimbo chapansipansi. Apo anadziwa kuti lonjezo la m'matope lija mayiwo sanaliiwale.

Pofuna kupulumutsa ndalama sanapite ku garaja. Anaitana alamu awo, mlongo wake wa a Nesi, makaniko amene anthu amamutchula Kangotsala, poti ukamufunsa za ntchito yankho lake ndi limodzi: "Kangotsala kamodzi." Alamu anatsegula boneti, nayang'ana, natsekanso mwaulemu ngati walowa m'chipinda cha eni osagogoda.

"Alamu, muno mukukhala anthu."

"Anthu ake ati?"

"Makoswe. Agogo, makolo ndi zidzukulu. Mawaya onse anadya."

"Ndiye tingogula mawaya."

"Eya, kangotsala kamodzi komweko."

Atagula mawaya kunapezeka kuti batire inasanduka mwala. Atagula batire, matayala anangowakhudza n'kuyoyoka ngati buledi wouma. Atagula matayala n'kuthira petulo, petulo yense anatulukira pansi n'kuyenderera mpaka kukhitchini, poti thanki inali ngati sefa, ndipo sabata imeneyo m'nyumbamo simunayatsidwe moto. Zipangizo za injini ndiye zinali nkhani ina. A Levulo anatenga kachitsulo kena kupita nako kwa wogulitsa zitsulo zakale. Munthuyo anakatembenuza kawiri n'kuitana mnzake.

"Tabwera udzaone. Izi ndinaziona komaliza ndili ku pulayimale."

Anakaitanitsa kutali, kanatenga miyezi iwiri, ndipo katafika kanali ka galimoto ina, mng'ono wake wa iyi. Pofika apo a Levulo anali atagulitsa njinga, wilibala, makina osakanizira simenti, ndi suti imene ankaisungira tsiku lomwelo. Ankati akafunsa alamu, alamu ankapukuta manja pa nsanza n'kunena mawu awo aja.

Tsiku lina a Nesi anaima pa kakhomo kaja atanyamula tiyi, nayang'ana galimoto, nayang'ananso makoma.

"Abambo, ndifunseko. Ikalira imeneyi, nanga idzatu..."

"Amayi, inu mukamabaya anthu jakisoni, ine ndimabwera kudzakuuzani pobaya?"

A Nesi anaika tiyi pa boneti n'kubwerera.

Kenako kunabwera dzimbiri. Pansi pa zitseko panali mabowo olowa chibakera, ndipo ukakhala pa mpando unkaona simenti ya pansi pakati pa mapazi ako. Wowongola magalimoto atatchula mtengo wake, a Levulo anamufunsa ngati akugulitsanso nyumba yake pamodzi ndi ntchitoyo. Anabwerera akung'ung'udza. Bowo ndi bowo basi, ndipo iwo anakhala akutseka mabowo moyo wawo wonse. Anatenga waya wa khola la nkhuku, mchenga wosefa bwino ndi simenti, namata pansi, namata zitseko, namata masaya. Anasalaza ndi mpeni womangira, naika levulo, kadontho n'kukhala pakati penipeni. Kutauma anapaka penti yobiriwira yotsala pa khoma la kasitomala wina.

Alamu atabwera anagogoda chitseko ndi chala, n'kuika chalacho mkamwa.

"Alamu, mwamanga galimoto kapena chiliza?"

"Dzimbiri lidye pamenepo tione."

"Dzimbiri silidya, zoona. Koma taonani masipuling'i, agwada."

Galimoto inali itakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Panafunika masipuling'i a lole, ndipo wayilesi nayo inagulitsidwa. A Nesi anayesanso kachiwiri kufunsa funso lawo lija, koma amuna awo anali pansi pa galimoto, nangoyankha kuti, "Amayi, za zitsulo tisiyireni." Mayiwo anandiuza kuti kuyambira pamenepo nkhaniyo anaipereka kwa Mulungu, amene amamva munthu mpaka amalize chiganizo.

M'mawa wa tsiku lija injini inali isanalirebe. A Nesi anasita yunifomu yawo, navala, naima pakhomo.

"Ndiweruka folo koloko. Zikakanika musadandaule, miyendo ndili nayo. Sindikwiya."

A Levulo akuti mayiwo akanawakalipira bwenzi zili bwino. Mawu ofatsawo anawalasa kuposa zonse.

Cha m'ma teni koloko injini inatsokomola, inayetsemula, kenako inalira. Utsi unadzaza nyumba n'kutulukira m'mawindo mpaka aneba anabwera ndi zidebe za madzi. A Levulo anakhala pa chiwongolero misozi ikutsika, ina ya utsi ina ya chimwemwe. Anaponda kalachi, nalowetsa giya, nakweza maso kuti aone njira.

Kutsogolo kwawo kunali khoma. Linali khoma labwino kwambiri, lowongoka, la njerwa ziwiriziwiri, limene kwa zaka zonsezi ankaonetsa alendo.

Anazimitsa injini. Anayang'ana kumanzere, kumanja, ndi kakhomo kaja.

"Alamu, inu izi munaziona?"

"Tsiku loyamba lomwe."

"Osanena bwanji?"

"Ine ndine wa injini. Za makoma mmisiri ndinu, ndimati muli ndi nzeru yake."

A Levulo anatsika, naika chikhatho pakhoma paja. Akuti anapemphera, ndipo sanapemphe kuti khoma lisunthe, anangopempha mtima woti aligwetse. Njira inali imodzi: kuboola khoma limeneli, kudutsa pabalaza, n'kuboolanso khoma lakutsogolo pamene panali khomo. Anatulutsira sofa pabwalo, natsitsa chithunzi cha ukwati. Kenako anayeza galimoto ndi tepi n'kulemba pakhoma, kusiya zala ziwiri zokha mbali iliyonse.

"Onjezeraniko pang'ono, alamu."

"Njerwa iliyonse apa ndinaiika ndi manja anga. Sindigwetsa yosalakwa."

Ananyamula hamala. Aneba aja anatula zidebe n'kukhala pa sofa kumaonerera.

Folo koloko itakwana, anamwino amene anaima pakhonde la chipatala anamva chiphokoso ngati chigayo chikubwera. Galimoto yobiriwira inakwera mtunda pang'onopang'ono utsi uli pambuyo, n'kudzaima yokha pamaso pawo. Munatuluka a Levulo atavala ovolosi, fumbi la simenti lili mbuu mpaka m'nsidze, natsegula chitseko ndi manja awiri poti chinali cholemera. Anamwino anawomba m'manja. A Nesi analowa, nakhala, nakonza diresi pa mawondo, mphatso zawo zili pamiyendo. Kenako anafunsa chapansipansi:

"Mwaitulutsira pati?"

"Tikakambirana kunyumba, amayi."

Galimoto inayenda bwinobwino kuchoka pakhonde mpaka pa geti, ndipo pa getipo inazima. Alamu, amene anali pa mpando wakumbuyo, anatsegula pakamwa, koma a Levulo anawayang'ana, iwo n'kutseka. A Nesi anapumira m'mwamba, nayamba kuvula nsapato zawo zatsopano, dzanja lina likufuna chotsegulira chitseko.

"Ayi," anatero a Levulo. "Lero simukankha. Sunthirani kuno."

"Ine sindinayendetsepo galimoto, abambo."

"Bedi la odwala mumaliwongola bwanji? N'chimodzimodzi."

Anakankha a Levulo, alamu, mlonda wa pa geti ndi anamwino asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo uja wofunsa za odwala a matayala anayi, amene tsopano ankafunsa ngati m'galimotomo mwabisidwa njovu. Anaitulutsa pa geti n'kuilozetsa kunyumba. Iwo anaiwala kuti msewu umene popita unali wokwera, pobwerera ndi wotsetsereka, ndipo nyumba ya a Levulo ili kumapeto kwake penipeni. Simenti ija inayamba kugwira ntchito. Galimoto inachoka m'manja mwawo, iwo anayenda, anathamanga, kenako anatsala.

"Pondani mabuleki, amayi!" anakuwa a Levulo.

"Alamu," anatero Kangotsala akupuma wefuwefu, "kamene kanatsala kaja ndi komweko."

Popita sanawafune mabulekiwo, poti galimoto inkaima yokha ukangochotsa phazi.

A Nesi akuti sanachite mantha kwenikweni. Anagwira chiwongolero, nayamba pemphero, ndipo ali pakati pa pempherolo anaona nyumba yawo ikubwera, sofa ili pabwalo, pamene panali khomo pali chibowo chachikulu. Funso lawo lija linayankhidwa pomwepo. Poti panalibe kwina kolowera, analunjika pa chibowopo. Akanalowa bwinobwino, koma zala ziwiri ndi zochepa kwa munthu amene akuyendetsa koyamba. Galimoto inalowa mopendekeka pang'ono, inakhula mbali zonse ziwiri, n'kuima nji, theka lili pabalaza theka lili panja. Mtanda wa denga, umene unalibenso poponda, unatsika pang'ono n'kukhala pamwamba pake.

A Levulo atafika anapeza kuti m'nyumba mwawo mulibenso polowera. Anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto, chimene chinali panja, nadumpha mpando, natulukira chitseko chakutsogolo, chimene chinali pabalaza. Anapeza a Nesi ataimirira pakati pa zigumu za njerwa, nsapato zili m'manja, akuyang'ana mabowo awiri aja.

"Mwavulala, amayi?"

"Ayi."

"Mwakwiya?"

"Ndikuganizabe." Kenako mapewa anayamba kugwedezeka ndi kuseka. "Koma sindinakankhe."

"Simunakankhe."

"Ndipo ndayendetsa ndine."

A Levulo anatulutsa levulo, naiika pa mtanda uja, nayang'ana kadontho. Anapukusa mutu n'kunena kuti galimotoyo ikangosunthidwa denga ligwa, ndipo kuti akonze pafunika wilibala ndi makina osakanizira simenti, zomwe zinali m'mimba mwa galimoto yomweyo.

Ine ndinakawachezera patapita miyezi itatu. Mipata ya m'mbali anaimata bwino, ndipo usiku amangokiya zitseko za galimoto. Ndinaodira pa buti, ndinalowera chitseko chakumbuyo, ndinadumpha mpando ndikupempha Ambuye andisungire msana, n'kutulukira pabalaza. Ndinafunsa a Nesi ngati sakutopa nazo.

"Nditope chiyani?" anatero akuthira tiyi. "Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkapita kulikonse wapansi. Pano ngakhale kokataya zinyalala ndimapita pa galimoto."