Lole ya khofi imene ndinaikweza phiri ndi nyimbo

Phewa langa linali pa thabwa lakumbuyo kwa lole, matope afika m'maondo, pamene ndinazindikira kuti nyimbo imakoka katundu kuposa injini. Amene akuti ndikunama, makamaka inu a Nakayange amene mumakonda kuseka kumbuyo kwa kalasi ku sukulu ya kwacha, khalani pansi mumve, chifukwa ine nthawi yobwereza nkhani ndilibe.

Inali nyengo ya khofi kwathu ku Misuku. Khofi wa mudzi wonse, amene tinathyola, kusenda, kutsuka ndi kuyanika mpaka misana kuuma, anali m'matumba pa lole yopita ku Boma, kumene galimoto yaikulu ya ku Mzuzu inkatidikira. Pakati pa chitunda injini inatsokomola n'kuzima. Lona yofunditsa matumba panalibe. Kumbuyo kwathu mtambo wakuda unkatuluka m'nkhalango, ndipo mwana aliyense wa ku Misuku amadziwa kuti khofi wouma akanyowa amachita chuku, thukuta la chaka chonse n'kupita ku dzala. Tinatsika tonse, amuna anga a Msukwa ndi anzawo, ine ndi amayi ena, n'kuyamba kukankha. Lole inangoti duu.

Pamwamba pa matumba panatsala munthu mmodzi, a Makwinja, a zaumoyo ochokera ku Phalombe, atakumbatira katundu wawo ngati khanda. Anali ndi laputopu, sipika, ndi kabokosi kathyathyathya kokhala ndi mbale ziwiri zozungulira ndi mabatani ambirimbiri, kamene ankakatcha kontirola. Anakagula ku Mbeya, ndipo ankapita ku ukwati wa mnzawo kukayesa u DJ koyamba. Dalaivala anati, "Bwana, m'malo mongotilemera, tiimbireni!" n'kulumikiza sipika ku batire ya lole.

Ng'oma itangolira, mapazi onse anagunda pamodzi, lole inasuntha, matayala anatuluka m'matope, tinakwera, tinakwera, kenaka nyimbo inatha. Zii. A Makwinja akufufuza ina, anthu anapuma, lole n'kubwerera pamene tinayambira ndi kupitirirako. Inayamba yachiwiri, tinakweranso, inatha, tinabwereranso. Mukumva? Mdani wathu sanali phiri ayi, anali kampata kamene kali pakati pa nyimbo ndi inzake.

Ndinakwera pa matumba chitenje ndachimanga m'chiuno.

"Badada, chikuvuta n'chiyani? Ina ikamatha ina izikhala italowa kale!"

"Mayi, zimenezo ndiye ntchito yake ya makinawa, koma sindinaizolowere. Ine ndili pa phunziro loyamba."

"Lachiwiri tiphunzira limodzi. Sunthani."

"Nanga Chizungu chili apachi muchiwerenga?"

"Chichewa chenichenicho ndachigwira kumchira chaka chino, koma makutu ndinabadwa nawo. Lozani ndi chala."

Ndisawadyere ulemu wawo, munthuyo ankadziwa. Anandionetsa kuti mbale ya kumanzere ili ndi nyimbo yake, ya kumanja yake, ndipo pa laputopu nyimbo iliyonse imaoneka ngati mzere wa mapiri oyenda, nsonga iliyonse ndi pamene ng'oma ikugunda. Anandiveka mahedifoni kuti ndizimva ndekha nyimbo ikubwerayo anthu asanaimve. Anandigwiritsa kachitsulo kapakati, kamene ukakakankhira kumanzere kumamveka nyimbo ya kumanzere, kumanja ya kumanja, pakati zonse ziwiri. Anayamba kunena za liwiro, koma ine ndinaona dontho loyamba la mvula likutsika, ndinalimenya ndi chikhatho n'kulibweza kumwamba, ndipo ndinaliza nyimbo zonse ziwiri, kachitsulo pakati.

Kalanga ine! Nyimbo ina inali yothamanga, ina yozizira, ng'oma zinayamba kulimbana ngati atambala awiri m'khola limodzi, okankha a kumanja anatsata yothamanga, a kumanzere yozizira, ndipo lole inazungulira pamalo amodzi ngati mphero mpaka mutu wake unayang'ana kumudzi, mbuzi ya dalaivala imene inali kutsogolo n'kuchita chizungulire chimene ana ake akubadwa nacho mpaka lero.

"Mwamva tsopano?" anatero a Makwinja atakakamira thumba. "Muziyamba mwazifananitsa liwiro!"

Apo ndinamvera. M'mbali mwa mbale iliyonse muli kachitsulo kena kokweza ndi kutsitsa liwiro, ndipo ndinakasuntha mpaka ng'oma ziwiri zija zinayenda phazi limodzi m'makutu mwanga. Ina ikatsalira pang'ono umaikankha ndi chala m'mphepete mwa mbale, monga umachitira ndi ng'ombe yaulesi pa goli. Umadikira pamene nyimbo ikuyamba ndime yatsopano, n'kulowetsa inzake pomwepo. Umayamba wachepetsa mabesi, kugunda kwakukulu kuja, a yobwerayo, chifukwa mabesi awiri m'nyumba imodzi ali ngati apongozi awiri m'khitchini. Kenaka kachitsulo kapakati umakayendetsa mwaulemu, yakale ikutsanzika, yatsopano ikupereka moni.

Ndinachita zimenezo, ndipo palibe anamva msoko. Anthu anaponda nyimbo yatsopano akuyesa ikadali yakale, lole inatembenuka yokha n'kuyang'ananso kumtunda, inakwera chitunda chonse osapuma, dalaivala akungowongolera chiwongolero akudya nthochi. Ndinalumikiza ya kwathu ndi ya ku Tanzania, ya ku Tanzania ndi ya ku Zambia, ya ku Zambia ndi kwaya ya amayi, ndipo zinagwirana bwino kwambiri moti ndamva kuti oimba ake, amene sanaonanepo, anayamba kulotana. Ndikulumbira pa khasu langa.

Vuto langa mukulidziwa, sindikonda chinthu chochedwa. Mtambo uja unali utatipeza, mthunzi wake uli pa matumba akumbuyo, choncho nyimbo iliyonse yolowa ndinkaikweza liwiro pang'ono, inzake pang'ononso. A Makwinja ankakuwa china chake, koma makutu anga anali m'mahedifoni, ndinangoona kukamwa kukutseguka. Tinatsika phiri, tinadutsa pa Kapoka anthu ogulitsa m'mbali mwa msewu akutaya malonda n'kulowa m'gulu lokankha, a njinga zamoto tinawapitirira akuyesa aima, mtambo ukutithamangitsa lilime lili kunja, mpaka unatopa, unakhala pansi pa munda wa munthu wina n'kulira misozi yake yonse pomwepo, ndipo mundawo mpaka pano amalimamo mpunga. Mukumva? Dontho ngakhale limodzi silinakhudze khofi.

Koma kuima ndiye kunalibe. Pa Boma tinangoti psuu, galimoto ya ku Mzuzu ija tinaiona ngati ntchentche. Apolisi a pa chipata anakweza dzanja kuti tiime, dzanjalo linagwidwa ndi ng'oma, linayamba kugwedezeka, phewa linatsatira, ndipo tisanaphethire anali kumbuyo akukankha nawo, zipewa zili m'khwapa. Fumbi limene tinautsa linafika ku Karonga, asodzi n'kuyamba kuwedza nsomba zofiira. Mapiri a Mafinga atayamba kukula kutsogolo kwathu, a Makwinja anandivula mahedifoni ndi manja awo.

"Mayi, phunziro lachitatu ndi kutsitsa! Simunandilole kumaliza!"

"Ndingozimitsa basi?"

"Mukazimitsa pa liwiro ili anthu onsewa agwa chafufumimba. Mmene munakwezera, tsitsani momwemo, pang'onopang'ono."

Mawu amenewo, pang'onopang'ono, ndimadana nawo chibadwire, koma ndinameza malovu. Ndinatsitsa nyimbo ndi nyimbo, mapazi anayamba kufika pansi, anthu anayamba kuzindikirana nkhope, ndipo lole inaima mwaulemu matayala akutsogolo ali m'Zambia, akumbuyo ali m'Malawi. Wa zolowa ndi kutuluka amene anatipeza pamenepo anakanda mutu, n'kunena kuti theka la lole salifunsa chiphaso. Tinaitembenuza, ndipo tinabwerera ku Boma ndi nyimbo zozizira za kwaya, tikuyenda ngati akwati. Khofi yense anakwera galimoto ya ku Mzuzu ali wouma gwaa, moti amene anamulandira anati akununkhira kale ngati wokazinga.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndikaweruka kumunda ndimapita kwa a Makwinja kukagwira kontirola, ndipo maukwati a kuno timaimba awiri, iwo kuyambitsa ndi kumaliza, ine pakati pamene pamafunika moto. Amandipatsa moni wa kwathu tsopano, "Mwaghona, bamama DJ," lilime likupunthwa, ine n'kuyankha, "Ndagha."

Amene analipira ulendowo ndi amuna anga. A Msukwa anakankha kuyambira pa chitunda chija mpaka ku Mafinga osasinthana ndi munthu, ndipo nsapato zitatha msewu unayamba kudya miyendo. Anachoka kunyumba ali munthu wowerama polowa pakhomo, anabwerera mutu wawo ukulekeza paphewa langa, mathalauza onse ndinachita kuwapinda kawiri. Sadandaula, akuti khofi wa nthambi zam'munsi amathyola osapweteka msana. Ndikudziwa kuti alipo ena amene amati a Msukwa anabadwa aafupi, ndipo mayi awo owabereka nawonso amatero. Koma apongozi angawo pa lole paja panalibe.