Chibangili Chanu Chili pa Galu Wathu, Bwana

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Kampani ya Diso Losagona.

Bwana,

Ndagwada polemba kalatayi. Ndine Buakham, wogulitsa mpunga womata pachipata cha kachisi wa Chibuda. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma masiku ndi mphindi sindiphonya.

Pa 3 Malichi munamuveka mwana wanga Wichit chibangili chaulere. Wichit wakhala akulimbana ndi heroini, mankhwala ozunguza bongo, zaka 6. Munati mpweya wake ukadzayamba kuchepa, chibangilicho chidzaitana thandizo. Ndiye ndati ndithokoze.

1. Zikomo chifukwa cha changu. Pa 11 Malichi Wichit anali m'kachisi atapinda miyendo, akusinkhasinkha monga amonke anamuphunzitsira: kupuma pang'onopang'ono, osagwedezeka. Chibangili chinati munthu akufa. Apolisi anafika m'mphindi 7 n'kulowa ndi nsapato zomwe pamaso pa Buda. Anamwino anafika m'mphindi 41, wodwala wawo ali kale kupolisi akupereka mkodzo woti auyeze ngati muli mankhwala.

2. Zikomo chifukwa chosatopa. Pa 18 zinachitikanso, pa 25 chimodzimodzi. Mkulu wa amonke anandiuza mofatsa kuti, "Mayi, mwana wanuyu akangoyandikira mtendere, galimoto ya apolisi imalira. Bwanji azikasinkhasinkhira konko, tisathe mafuta a boma?"

3. Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu ya pa 30 Epulo, yoyamikira Wichit kuti tsopano amathamanga makilomita 12 patsiku. Ndinamuwerengera mwini wake, galu wathu Daeng, amene wavala chibangilicho m'khosi kuyambira pa 26 Malichi. Nditamufunsa Wichit anangoti, "Amayi, kanthu kondiitanira unyolo nkovala ine? Akamangidwe Daeng, alibe mlandu wakale."

Mwina simudziwa, Bwana, kuti chilakolako cha heroini chikamugwira Wichit amadzitsekera yekha m'nkhokwe ya mpunga, dzanja lili lopanda chibangili. Pa 2 Meyi, 10 koloko m'mawa, ndinamupeza milomo itada. Ndinkangokatapa mpunga. Ndinamuuzira mpweya mpaka njinga yamoto ya aneba inamufikitsa kuchipatala. Nthawi imeneyo makina anu analemba kuti akuthamanga bwino. Zoona, Daeng ankathamangitsa nkhuku.

Pempho langa ndi laling'ono ngati mwini wake. Chibangili chikalira, chiziimbira foni yanga ndi ya anamwino, apolisi apumuleko. Mundipatsenso ine mankhwala opopera m'mphuno odzutsa munthu amene wakomoka ndi heroini. Wichit walonjeza kuti zikatero achivalanso. Kuchokera pamene ndimaphikira kukafika kunkhokwe ndi mapazi 38, ndawerenga katatu.

Zikakhala zosatheka, musadzivutitse. Daeng akudya bwino, ndipo malipoti anu apitiriza kukongola. Tsiku lokatentha mtembo wa Wichit, monga mwa mwambo wathu, ndidzapita naye galuyo, kuti makina anu adzalembe kuti mwana wanga anafika pamaliro ake ali wathanzi.

Ine wanu wosaphunzira, ndikadali chigwadire,
Buakham Inta,
mayi wa Wichit, ndiponso wa Daeng.
9 Meyi.