Mmene Ndinasefera Chithunzi cha Esinati

Amene akuti ndikunama adzuke pabenchipo, apite ku Dzoole akafunse aliyense, chifukwa ukwati wa Esinati, mwana wa mlongo wanga, ndinaupulumutsa ine ndi chala chimodzi.

Mnyamata womufunsira, Layitoni, anali ku Joni, ndipo anapempha chithunzi choti aonetse abale ake okhala nawo konko. Mtsikana uja anakadzijambulira m'chigafa cha fodya, mokhala kamdima muja, pa foni ya kamera yofooka, ndiye chithunzi chinatuluka timadontho tokhatokha, tofiira, tobiriwira, nkhope yonse ngati wagwera m'nkhokwe ya mapira. Layitoni atachiona anandiimbira ine nkhoswe.

"Bambo, bwanji simunandiuze kuti Esinati akudwala chikuku? Za ukwati tiime kaye."

Esinati kulira, amayi ake kulira, mbuzi yomwe tinasungira phwando n'kuyamba kuyenda monyada.

Ndinati, "Bweretsani foniyo kuno." Mufoni muli sefa yochotsera timadontho totere, umangokoka chala pagalasi, kungoti anthu amakoka mwamantha. Ine ndinakoka ngati ndikukoka ng'ombe yokana goli, mukumva? Timadontho tinayamba kukhuthukira pa kabowo kotchajira, tinadzaza lichero, tinadzaza dengu, tinasefukira pabwalo, nkhuku za mlongo wanga zinathamangira kudzatola, ndipo zisanameze n'komwe zonse zinali zitasanduka nkhanga, tambala nayenso mawangamawanga, akuchita manyazi kulira.

Ndinakokanso kachiwiri, ndipo apa mphamvu inandipitirira. Sefa ukaikakamiza imasalaza chilichonse. Mlongo wanga anaonekera pakona ya chithunzi akusoka fodya, ndiye makwinya ake anachoka pachithunzipo n'kuchokanso pankhope pake penipeni, mwakuti akatekisiti odutsa panjinga anamufunsa ngati amayi ake alipo. Phiri la Ntchisi, lomwe linkaonekera pachithunzipo patali kuseri kwa chigafa, linayamba kuphwa ngati chibaluni, anyani n'kutsika pansi osadumpha, mitambo ikuzungulira kusowa pokhala, mpaka anthu a kumeneko anandiimbira kuti phiri latsala ngati chulu, ndibweze msanga. Mukumva inu? Ndinabweza chala pang'onopang'ono, phiri linadzuka ndi mitengo yake yomwe, koma nditafika pa makwinya mlongo wanga anandigwira mkono.

"Achimwene, pamenepa basi. Mukabwezanso tidana."

Chithunzi chinatsala mbee, Esinati akuwala ngati mbale yatsopano. Ndinachitumiza, ndipo Layitoni atangoona theka lake ananyamuka wapansi kuchokera ku Joni, n'kufika ku Dzoole theka linalo lisanamalize kutseguka pafoni yake. Netiweki yakwathu mukuidziwa. Ukwati unadalitsidwa ku Mtengowanthenga, tinavina mpaka nsapato kutha zidendene, ndipo ana awo onse anabadwa opanda kadontho ngakhale kamodzi.

Akuti chiyani awo akuseka kumbuyoko? Bwanji nkhope yangayi sindinaisalaze? Ndinayesa, bambo. Foni inatentha, inafuka utsi, sefa n'kung'ambikira pamphumi pomwepa. Nkhope iyi si yamasewera.